Katundu Wotsika Pasiteji Yake

Panali mayi wina wofufuza za mankhwala. Mchimwene wake, kondakitala wa minibasi, anadwala khansa ya m'matumbo aakulu.

Mankhwala amene ankalandira kuchipatala anali amphamvu ndithu, koma akalowa m'magazi ankafika ponseponse. M'kamwa munatuluka zilonda, manja anachita dzanzi, chakudya chinkangobwerera. Atalandira kachitatu, mchimweneyo anati sadzapitakonso.

Mayi uja anali atatha zaka akufunafuna mankhwala oposa amenewo mphamvu. Anapita kukamunyengerera, namuuzanso za mankhwala amphamvu amene ankafunafunawo.

"Achemwali, mphamvu zilipo kale," anatero wodwalayo. "Vuto n'lakuti katundu wanu amatsika pasiteji iliyonse. Ife thumba la ku Dedza timalimanga pakamwa n'kulilemba dzina. Silitsika pa Ntcheu."

Mayiyo anabwerera kulabotale, nasiya zimene ankafunafuna zija. Anatenga mankhwala akale omwewo n'kuwakulunga m'timibulu tating'onoting'ono, toti masauzande angakwane pansonga ya singano. Kunja kwa timibuluto anamatako chizindikiro chokakamira pa chotupa cha khansa. Anathiramonso utoto wowala, nabaya mbewa zoyeserapo zimene zinali ndi khansayo.

M'mawa mwake anayang'ana pamakina. Chotupa chinali ngwee! Anakuwa mpaka anzake anathamangira, poganiza kuti wavulala. Anajambula chithunzi pafoni, n'kuuyatsa wa kwa mchimwene wake, chovala choyera cha kuntchito chili m'thupi.

"Achimwene, taonani! Katundu watsika pasiteji yake!"

"Ndibayenitu lero lomwe," anatero wodwalayo, akupinda mkono wa malaya.

Mayiyo anakhala pansi. Akanatha kungoti posachedwa. Koma analoza pachithunzipo kadontho kena kowala pachiwindi cha mbewa.

"Katundu wina wasochera apa. Komanso iyi ndi mbewa. Kuti tidzafike pa munthu padzapita zaka."

Wodwalayo anachiyang'anitsitsa chithunzicho, kenako anaseka.

"Ndiye kuti basi yanu ikadali kugalaja. Chabwino. Ndikwera yakale yomweyi, kuti yanuyo ikadzatuluka idzandipeze pamsewu."

Lolemba anapita kuchipatala.

Inu amene mukumva, kondwerani nazo nzeru zatsopanozi, pakuti n'zokondweretsadi. Koma mukamauza wodwala, muonetseni kuwala kwa pachotupa, muonetseninso kwa pachiwindi. Ndipo musamutsitse m'galimoto imene wakwera chifukwa cha ina imene sinafike.