Amphaka Amawanga a Nankhoma

Kalekale, ana inu, amphaka a pamudzi anali amtundu umodzi wokha: otuwa, ofatsa, koma aulesi wosaneneka. Khoswe ankadutsa pamphuno pawo, iwo n'kungoyasamula. Mlenje weniweni anali vumbwe, mphaka wakutchire uja, koma iyeyo ankamaliza nkhuku, ndiye panalibe womukonda.

Pamudzi wina panali mayi dzina lake Nankhoma, amene ankasunga mbewu ya mapira m'kankhokwe kake. Chaka china mphaka wake anaswera kuseri kwa nyumba, ndipo ana atayamba kuyenda anatuluka atatu, amawanga, amiyendo italiitali. Mwamuna wake, Dzoole, atangowaona anadziwa kuti bambo wawo ndi vumbwe. Analamula kuti akatayidwe mumtsinje, ati mwana wa mbala ndi mbala.

Nankhoma anawanyamula m'dengu mtima ukumupweteka. Atafika kumtsinje anaika kamphaka kamodzi m'madzi, n'kutembenuka kuti asaone. Posakhalitsa anamva kanthu kozizira kakumukanda kuchidendene. Kamphaka kaja kanali katasambira n'kubwerera kwa iye.

"Iwe wakana kufa, ndiye ine ndikukakamize?" anatero, akukapukuta ndi nsalu yake.

Onse atatu anakawabisa m'khola la nkhuku, poti Dzoole, munthu wodzimva uja, sankawerama kuti asuzumiremo. Tiamphakato tinakulira pakati pa anapiye mpaka tinkayesa nkhuku ndi abale awo.

M'chilimwe kunagwa makoswe osawerengeka. Nkhokwe za anthu zinatsala mankhusu okhaokha, ndipo mitambo itayamba kuda, mudzi wonse unalibe chodzala. Dzoole anapita kukankhokwe ka mkazi wake atataya kale mtima. Atavundukula anapeza ngala zonse zili bwinobwino, amphaka atatu amawanga atagona pamwamba, atakhuta makoswe.

Anatola mpini. Nankhoma anaima pakati, n'kuulula zonse, ndipo anamupempha kuti ayambe wawerenga nkhuku. Dzoole anawerenga, anabwerezanso. Panalibe yosowa ngakhale imodzi. Anaponya mpini pansi, manyazi atamugwira.

"Akazi anga, zikomo posandimvera," anatero.

Mudzi wonse unadzala mbewu ya Nankhoma. Amphakawo ataswana, aliyense wofuna kamwana ankabwera ndi ngala yoyamba ya m'munda mwake, ndipo Dzoole ndiye ankakhala patsogolo kuwatamanda, ngati kuti nzeruyo inali yake.

Ndi chifukwa chake lero mphaka wamawanga ali ndi chikopa cha bambo wake ndi mtima wa mayi wake. Saopa madzi, sagwira nkhuku, koma khoswe sagona naye nyumba imodzi. Ndipo wina akakupatsani kamwana kake, musapite chimanjamanja, tengani ngala. Mapira amene mukudyawa akanathera mumtsinje muja, mayi mmodzi akanakhala womvera.