Khola la Kutsidya kwa Dambo

Panali bambo wina amene anali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda, dzina lake Mwandida. Nyumba yawo inalibe mpanda, ndipo mwanayo akangoona mpata ankathamangira kumsewu. Bamboyo mtima sunkakhala m'malo. Anaganiza zopeza galu.

Pamudzipo panali mayi wamasiye amene ankafuna kupereka agalu awiri a malemu amuna ake. Mayiyu anali atasamuka kuchokera kutsidya kwa dambo, kumene malemuwo ankaweta mbuzi. Galu woyamba anali kakang'ono, kaubweya wokhakhala, kogwira makoswe. Kankauwa ngakhale tsamba, n'kumakumba paliponse. Wachiwiri anali wakuda, wokusa mbuzi. Sankauwa. Ankangoyang'ana.

"Tengani kakang'onoka, bambo a Mwandida," anatero mkazi wa bamboyo. "Makoswe atha chimanga m'nkhokwe. Winayu maso ake ngati a munthu. Ine ayi."

"Kaphokoso aka? Mwana azigona nthawi yanji? Galu woti ankasunga khola lonse la mbuzi angalephere mwana mmodzi?"

Anatenga wakudayo, osafunsa zambiri.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Mwana akalunjika kumsewu, galu ankamudulira kutsogolo n'kumubweza ndi mphuno. Koma dzuwa likapendeka, galuyo ankasintha. Ankasiya chakudya n'kuima pakati pa bwalo, maso ali kutsidya. Kenako ankazungulira mwanayo pang'onopang'ono, mimba ili pansi, ngati akuwerenga zinthu zimene anthu sankaziona.

Tsiku lina chakumadzulo, mayi a mwanayo ali kuchigayo, bambo anakwera padenga la khitchini kukafolera udzu. Atatsika, pabwalo panali zii. Anaitana, osayankhidwa. Pafumbi panali timapazi ta mwana, ndipo mapazi a galu anali uku ndi uku m'mbali mwake. Mapaziwo sanalowere kumsewu. Analowera kudambo.

Bamboyo anawatsatira. Anadutsa m'madimba momwe munali zitsime zosavundikira, ndipo pa chitsime chilichonse mapazi a galu anali pakati pa mwana ndi madzi. Atawoloka anafika pabwinja la malemu aja. Nyumba inali itagwa denga. Khola lokha ndi limene linali chiimire. M'katimo munali Mwandida, atakhala pa manyowa ouma, osalira, akuseweretsa chingwe chakale chomangira mbuzi. Galu anali atagona chopingasa pakhomo la khola. Maso ake anali pakhomo la nyumba yakugwayo, ndipo ankagwedeza mchira pang'onopang'ono, ngati kuti wina akutuluka kudzatseka khola.

Bamboyo sanacheuke kuti aone. Ananyamula mwana wake n'kubwerera, galu akutsatira m'mbuyo.

Galuyo sanamumenye. M'mawa mwake anapita kwa mayi wamasiye uja kukapempha mitengo ya kholalo. Anaizula yonse, n'kukaizika pabwalo pake, pafupi ndi khonde. Kuyambira pamenepo, dzuwa likapendeka galu ankakusira mwana m'khola latsopanolo, ndipo bambo ankasiya chilichonse chimene akuchita n'kubwera kudzamutenga yekha. Sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Pakuti nthawi zina galuyo ankayang'ana kuseri kwa phewa la bamboyo, kumene kunalibe munthu, n'kugwedeza mchira.

Makolo anzanga, nkhaniyi ine imandibwerera nthawi zonse ndikamasiyira wina mwana wanga. Posankha wotiyang'anira ana, kaya ndi galu, kaya ndi wantchito, timathamangira wofatsa ndi wachete. Waphokoso uja amadziulula yekha tsiku loyamba lomwe. Wachete angakhale wokhulupirika ndithu, koma wokhulupirika kwa ndani? Musanamusiyire mwana, funsani kumene iye amati n'kwawo, chifukwa dzuwa likapendeka n'komweko kumene adzamulondolere.