Manda pa Kapinga wa Koleji

Panali mphunzitsi wina wa pulayimale, a Kamtambe, amene anakalambira pa choko. Atamva m'thupi kuti ulendo wayandikira, anaitana akazi awo, a Nangozo, n'kuwauza mawu amene m'mudzi mwawo munthu anali asanawamvepo. Anati akadzamwalira, anthu asadzathamangire kumanda. Thupi lawo lidzapite kaye ku koleji ya zaumoyo ya mu mzinda, kuti ana ophunzira udokotala akaphunzirepo mmene munthu anapangidwira. Anati anaphunzitsa ali moyo, ndipo sakuona chifukwa chosiyira panjira.

Dzina la kolejiyo musandifunse. Ndikuona ena mwayamba kale kuyang'anizana. Ili ndi fanizo, khalani phee mumve.

A Nangozo anakana, analira, kenako anavomera, poti ankawadziwa amuna awo kuti akanena anena. Anapita limodzi ku koleji kuja. Kumeneko kunali dipatimenti yophunzitsa za thupi la munthu, ndipo mkulu wake anali dokotala wina wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Iye anawalandira ataimirira. Anagwira dzanja la a Kamtambe ndi manja ake onse awiri, n'kulonjeza m'dzina la dipatimenti yake kuti chaka chachiwiri, anthu akadzangokolola, thupilo lidzabwerera kwawo. Lidzapita m'bokosi labwino, pa galimoto ya koleji, ndipo ophunzira omwewo ndi amene adzalinyamule. Umenewo unali mwambo wa dipatimentiyo, ndipo inali isanauphonyepo.

A Kamtambe anamwalira mvula itangoyamba. Galimoto ya koleji inabwera n'kuwatenga.

M'mudzi munavuta. Anthu anasonkhana, analira, koma analibe woti amuike. Mng'ono wa malemu, a Lufeyo, anapsa mtima koopsa. Anati chibadwire chawo sanaonepo maliro opanda mtembo. Analamula kuti kumeta kusachitike, ndipo namfedwa asamasulidwe, mpaka m'bale wawo atalowa m'nthaka ya makolo ake. A Nangozo anali a chitengwa, m'mudzimo analibe wowaikira kumbuyo. Anavala zakuda n'kukhala nazo. Pasanapite nthawi kunayamba manong'onong'o akuti mayiyu wagulitsa mwamuna wake. Akafika pa mjigo, azimayi anzawo ankasiya nkhani n'kuyamba kutsuka ndowa zotsukatsuka kale. Ana amene a Kamtambe anawaphunzitsa kuwerenga ankathawa akawaona.

A Lufeyo anawauza pamaso, anthu akumva. “Mlamu, tidikira kukolola kumene mukunenako. Achimwene akapanda kubwera, tidziwa kuti munawagulitsa, ndipo m'mudzi muno simudzagonamonso.”

A Nangozo anali ndi lonjezo la koleji yonse, ndiye ankaona kuti palibe choopa.

Tsono ku koleji kuja kunabwera mkulu watsopano. Sanali munthu woipa, ndisamunamizire. Anali munthu wokonda zinthu zooneka bwino pa khoma. Anajambula tizipinda ndi timivi, uyu azikhala pansi pa uyu, uyu aziyankha kwa uyu. Anati madipatimenti ndi achikale, mayina awo ndi achikale, zonse zikonzedwenso. Anakhazikitsa komiti, komitiyo inabereka tina timakomiti, ndipo onsewo anakakhala ku hotelo kuti akaganize bwino. Pobwerako, dipatimenti ya thupi la munthu inali itadulidwa patatu ngati nkhuku ya alendo. Gawo lina linapita ku dipatimenti ya maopaleshoni, lina ku dipatimenti ya zoyezayeza, lina ku dipatimenti ya maphunziro oyambira.

Mukanaona kugawana kwake. Anakanganirana makina oonera tizilombo. Anakanganirana galimoto. Anakanganirana zipinda zolowa mphepo, mipando yozungulira, makatani. Anthu a madigiri atatuatatu anasiya kupatsana moni chifukwa cha ketulo ya tiyi, zoona ketulo. Chilichonse chinapeza mwini wake, mpaka tsache. Koma kumapeto kwa khonde kunali chipinda chozizira mmene munagona anthu amene anapereka matupi awo, ndipo pa misonkhano yonseyo palibe anakweza dzanja kufunsa kuti amenewo akhala a ndani.

Dokotala wa imvi uja anamupumitsa ntchito. Anamudulira keke, anamupatsa wotchi ya pa khoma, n'kumulanda makiyi. Pa mawu ake otsanzika anayamba kunena za anthu ogona m'chipinda chija ndi abale awo amene akudikira. Asanamalize, anthu anawomba m'manja, poti chakudya chinali chikuzizira. Anakhala pansi, ndipo mawa lake ananyamuka kupita kwawo.

Chaka chachiwiri chinafika. Anthu anakolola, anatuta, nkhokwe zinadzaza. A Nangozo anasesa pabwalo n'kumayang'ana kumsewu. Galimoto sinabwere.

Anakwera minibasi kupita okha. Anafika pa chitseko chimene ankachidziwa, koma chikwangwani chinali chitachotsedwa, panangotsala mabowo a misomali. Munthu wina anawalozera ku dipatimenti ya maopaleshoni. Mkulu wa kumeneko anawapatsa mpando n'kuwauza kuti matupiwo ankaphunzirapo ndi ana a chaka choyamba, ndiye apite ku maphunziro oyambira. Mkulu wa maphunziro oyambira anati iwo analandira ophunzira ndi mabuku basi, chipinda chozizira chili ndi mankhwala, ndiye ndi cha a zoyezayeza. Mkulu wa zoyezayeza anati zoonadi mafiriji ndi awo, koma za m'kati mwake palibe anawapatsa. Ku ofesi ya mkulu wa koleji anawauza kuti bwana ali pa msonkhano, ndipo nkhani yawo ikudikira komiti ione kuti ili pansi pa ndani.

Anabwerera kumudzi chimanjamanja. Anapitanso, anabwereranso. Anapitanso kachitatu atagulitsa nkhuku zawo.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti palibe anawatukwana mayi aja. Akanawatukwana bwenzi atadziwa woti alimbane naye. Onse anawapatsa ulemu, amayi khalani apa, amayi pepani, amayi tikumvetsa. Ulemu wopanda kanthu umenewo ndi nkhanza zovala tayi, ndipo ndimadana nawo. Mmodzi anafika powafotokozera modekha, ngati akuwathandiza, kuti dipatimenti imene inawalonjeza kulibenso.

A Nangozo anamuyang'ana n'kufunsa kuti, “Nanga amuna anga, kulibenso?”

Munthu uja anayang'ana pa foni yake.

Kumudzi nthawi inali itakwana. A Lufeyo anaitanitsa abale kuti nkhani ithe, ndipo ena anali atayamba kale kunena za amene atenge munda. A Nangozo sanalire ulendo uno. Anapempha chinthu chimodzi. Anati asanawathamangitse, awabwereke adzukulu okumba manda, ndi makasu awo, ndipo a Lufeyo nawonso apite nawo, akaone okha msika umene anagulitsira achimwene awo. A Lufeyo anavomera, poganiza kuti akawagwira bodza anthu akuona.

Tsiku limene anafika linali lotsegulira madipatimenti atsopano, ndipo a Nangozo ankalidziwa, poti anali ataliona litalengezedwa pa geti ulendo wawo womaliza. Kunali tenti, kunali alendo, zikwangwani zatsopano zitakutidwa ndi nsalu kudikira kuvundukulidwa. Pakati pa nyumba zitatu za madipatimentiwo panali kapinga wobiriwira, wothiriridwa tsiku ndi tsiku ngakhale chilimwe, woti munthu sapondapo.

A Nangozo anapondapo. Anali ndi bango limene anadula kumudzi molingana ndi msinkhu wa amuna awo, poti msinkhuwo ankaudziwa. Analigoneka pakatikati pa kapingayo. Adzukulu analemba m'mbali mwake, anavula malaya, n'kuyamba kukumba. Azimayi ochepa amene anawaperekeza anakhala pansi n'kuyamba nyimbo ya maliro motsitsa.

Dzenje lisanafike m'mawondo, akuluakulu atatu aja anatulukira akuthamanga, masuti akuuluka. Amene mayi aja ankawadikira pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, lero anapezeka onse nthawi imodzi, osaitanidwa.

Wa maopaleshoni anafika akukalipa kuti kapingayo ndi wa dipatimenti yake, poti ali pakhomo pake penipeni. Wa zoyezayeza anamudula mawu, anati ayi, paipi yothirira imachokera kwa iye, ndiye kapinga ndi wake. Wa maphunziro oyambira anati onsewo akunama, komiti inapereka malowo kwa iye kuti ophunzira ake azijambulitsirapo zithunzi. Anaiwala za okumba, anayamba kulozana zala pamwamba pa dzenjelo, alendo akuonerera m'tenti, mkulu wa koleji ataima ndi lumo lodulira riboni m'manja.

A Nangozo anawasiya mpaka mpweya unawathera. Kenako analankhula, osakweza mawu.

“Ndiye kuti udzuwu uli ndi eni ake atatu. Amuna anga aphunzitsa ana anu ali chigonere, koma alibe mwini ndi mmodzi yemwe. Basi, tawakumbira pano pamene pali eni ake. Muzikawathirira limodzi ndi udzu.”

Khasu limodzi lokha linapitiriza kugunda pansi, kenako nalonso linaima.

Tsono tamverani zamanyazi. Kiyi ya chipinda chozizira, imene miyezi yonseyo sinkadziwika kuti ili pansi pa ndani, inatuluka m'thumba la mmodzi wa atatuwo. Galimoto imene ankakanganirana inapezeka ili ndi mafuta. Bokosi linapezeka. Komiti sinakhale, ndipo palibe anaifunsa. Tiyi wa alendo asanazizire, zonse zimene zinali zosatheka zinali zitatheka. Ophunzira amene anaphunzira pa thupi la a Kamtambe anatuluka m'kalasi okha, osatumidwa, n'kunyamula mphunzitsi wawo pa mapewa. A Lufeyo analowa kukaona m'bale wawo. Anatuluka chipewa chili m'manja, ndipo analephera kuwayang'ana alamu awo m'maso.

Adzukulu anakana kukwirira dzenjelo lopanda kanthu. Anati manda okumbidwa kale sakwiriridwa choncho, mumayenera kugona thunthu la nthochi, apo ayi amaitana munthu. Akuluakulu aja, amene m'kalasi amaseka zoterezi, palibe ndi mmodzi yemwe anatsutsa. Anatuma anthu kukasaka nthochi mu mzinda monse, ndipo pa nthawiyo panalibenso wonena kuti kapingayo ndi wake.

A Kamtambe anaikidwa kwawo mawa lake. Anthu anameta. A Nangozo anavula zakuda, ndipo anakhalabe m'nyumba yawo. Koma nthawi yonse imene anatchedwa wogulitsa mwamuna, kudya okha, kutunga madzi okha, palibe komiti inawabwezera. Ndipo pamene ankatseka chitseko cha chipinda chozizira tsiku lija, munatsala anthu ena ali chigonere. Kiyi inabwerera m'thumba momwe inachokera.

Fanizo lathera pamenepo. Tsono ndilankhule ndi inu a komiti, poti mawa mukukweza manja kuvomereza madipatimenti atsopano.

Sindikunena kuti musasinthe. Sinthani, phatikizani, dulani, ine ndakalamba ndaona mayina a pa zitseko akusintha kambirimbiri. Koma ndakhala nanu m'misonkhano yonseyi, ndipo ndamva zimene mukufunsa. Ofesi yanga ikhala iti, ine ndikhala pansi pa ndani, galimoto itsalira ndani. Sindinamvepo mmodzi wa inu akufunsa kuti dipatimenti imene tikuithetsayi inalonjeza chiyani, ndipo inalonjeza ndani. Alipo wophunzira amene munamuuza kuti adzamaliza kafukufuku wake ndi womuyang'anira yemweyo. Alipo odwala a kumidzi amene munawatenga magazi n'kuwauza kuti mudzabwera ndi zotsatira. Alipo mabanja amene anakupatsani akufa awo. Anthu amenewa sanalonjezedwe ndi chikwangwani. Tinawagwira dzanja ndife, ndipo chikwangwani chikachoka dzanja lija likadali lathu.

Ndiye mawa, musanagawane ngakhale mpando umodzi, wina aimirire anene dzina lake, anene kuti malonjezo a dipatimenti yakutiyakuti ndawatenga ine, amene akudikira abwere pa chitseko changa. Akapanda kupezeka woteroyo, manja anu akhale pansi. Musadalire kuti amene mwawaiwala adzabwera kudzakukumbutsani. A Nangozo anali ndi adzukulu ndi makasu. Ena aja amene anatsala m'chipinda chozizira, akazi awo alibe makasu, ndipo mpaka lero akusesa pabwalo n'kumayang'ana kumsewu.