Tsiku Limene Che Jawadu Anapikisana ndi Dzuwa

Che Jawadu, telala wa pa Ntaja, anafika ku mzikiti anthu atangomaliza Swala ya masana, jumbo yabuluu ili m'manja, mimba ili patsogolo ngati yatumidwa kukanena kuti mwini wake akubwera. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti nkhuku ikadutsa msewu imafika tsidya linalo itapsa mbali imodzi. Koma iwo anali mu mkanjo woyera wosita mpaka kuthwa, mzuli wopeta kumutu, nsapato zikulira kwii, kwii, pakuti Che Jawadu sankavomereza zoti munthu wolemekezeka amatuluka thukuta.

Pa Ntaja palibe wosawadziwa. Ndi aja amasoka kolala imodzi tsiku lathunthu, aja akaona msoko wokhota pa malaya a munthu wongodutsa mutu umawapweteka mpaka madzulo. Mwana wawo wamkazi, Asiyatu, wa zaka zisanu ndi zinayi, ankabwereza Sitandade 2 kachiwiri, ndipo m'jumbo muja munali makope ake onse khumi ndi limodzi. Tsamba lililonse limene aphunzitsi anathethapo ndi bolopeni yofiira, Che Jawadu analipinda pakona. Tsiku ndi tsiku akaweruka ankamukhazika mwana pampando wa makina n'kumuwerengera zolakwa zake kuyambira za chaka chatha, ndi mawu oti abuluzi ankathothoka pakhoma. Asiyatu ankangoyang'ana zala za kumapazi. Ukamufunsa thuu kuphatikiza thuu, ali duu.

Tsono bambo anagamula kuti mutu wa mwanayu ndi wotseka. Azakhali ake a ku Nselema anali oti afika mawa lake pa kabaza kudzamutenga kuti azikawalerera khanda, za sukulu zithere pomwepo. Panangotsala chinthu chimodzi choti ayese, ndipo n'chimene anadzera kwa Shehe.

Shehe Silaji anali nkhalamba yowonda ngati bango. Anaphunzira zaka zambiri kunja kwa dziko lino, ku Unguja, ndipo mashehe anzawo ankachoka kutali kudzawafunsa zovuta, koma mzikiti ankasesa okha. Che Jawadu anawapeza atakwinya mkanjo mpaka m'mawondo, akuchokera ku thanki la udhu, kuja anthu amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali, ndowa yodzaza ili m'manja. Anapatsana salamu. Anafunsana za kunyumba, za mayi, za makina, za kutentha, ndipo zonse zinali bwino, Alhamdulillah. Kenaka Che Jawadu anatsokomola kuja amatsokomola asanatchule muyezo wa m'chiuno mwa kasitomala.

"Shehe, ndabwera ndi chodandaula. Ndimati mundilembere kombe, kuja mumalemba pambale n'kutsukuluza, mwana amwe, mwina mutu ungatseguke. Koma lembani lamphamvu ndithu. Ngati mbale ichepa, kunyumba kuli beseni."

Shehe anamwetulira. Anati dua, pemphero lopempha kwa Mulungu, achitira limodzi, imeneyo samanidwa munthu, koma anawapempha kuti ayambe akhala kaye pabenchi pansi pa mtengo wa mango, chifukwa ana ali ndi mpikisano, ndipo amene akupikisana nayeyo sadikira munthu. Che Jawadu atafunsa kuti ndani ameneyo, Shehe analoza kumwamba, kudzuwa.

Kutsogolo kwa mzikiti kuli simenti pamene anthu amavulira nsapato, ndipo nthawi imeneyo imatentha moti ungakazingepo mtedza. Panali ana ngati makumi awiri, aja amachokera ku sukulu n'kumadikira madrasa ya madzulo, aliyense ali ndi chitsononkho cha chimanga ndi kachitini ka madzi. Mwana mmodzi ankaviika chitsononkho n'kulemba mawu kapena samu pasimentipo. Mnzake ankaima patali, pamtengo wa mango paja, ndipo akangomva kuti tiye, ankaliyatsa liwiro kudzawerenga mawuwo kapena kudzalemba yankho madzi asanaume. Akakwanitsa, chigoli cha ana. Zikauma asanathe, onse ankagwira kumutu n'kulira maliro abodza kuti dzuwa ladya, dzuwa ladya, ndipo chigoli chinali cha dzuwa. Shehe ankasunga zigoli ndi timiyala pawindo, mulu wa ana uku, mulu wa dzuwa uko, nkhope ili njo ngati akuweruza mlandu wa munda.

Che Jawadu anakhala pabenchi mphuno ili m'mwamba. Mumtima ankati, nanga uku n'kuphunzira kapena kutsuka simenti? Makamaka chinawanyansa chinali kamtsikana kena, mpango utapendekera kukhutu, kakulamula anzake ndi mawu ngati a woitanira minibasi ya ku Liwonde. Anapukusa mutu, kumvera chisoni makolo amene analephera kulera mwana wotere. Kamtsikana kaja katatembenuka, anaona makutu awo enieni ali pamutu pake. Anali Asiyatu. Mawu amenewo anali atawamva komaliza tsiku limene mwanayo anabadwa.

Mtsikana wina, Mwanaisha, analemba 8 + 7. Asiyatu anachoka pamtengo ngati mwala wa legeni, bambo ake osawaona n'komwe, anagwada, naviika, nalemba 14.

Che Jawadu anadzuka. Chifuwa chinayamba kukoka mpweya wonse wa pa Ntaja, mpaka masamba a mango anaweramira kwa iwo. Koma kubangula kusanatuluke, Shehe anawagwira pamkono pang'onopang'ono, n'kuwapempha mwaulemu kuti apite akamuloze mwana ndi chala pamene walakwa. Anavomera. Ananyamuka mwaulemerero, kwii, kwii, chala chili chotambasula kale. Pofika, simenti inali gwa, youma, yoyera, yopanda mlandu uliwonse. Chala chinazungulira m'malere kufuna poti chitere, osapapeza. Mwanaisha anali atalembanso samu ija pambali. Asiyatu anawerenga zala zake, zitatha anabwereka za mnzake, nalemba 15 wamkulu ngati chitseko, n'kuyamba kuvina.

Ali m'kati movina, anaona nsapato. Anazidziwa. Chitsononkho chinagwa, mapewa anagwa, maso anapita kuzala za kumapazi.

Shehe anafika pambali pawo ngati palibe chachitika. Anati mbali ya Asiyatu yaperewera wothamanga, ndipo ngati Che Jawadu sangaone kuvuta, akaime pamtengo, mwana alembe, iwo adzawerenge. Tsono Shehe ungawakanire bwanji pamaso pa ana makumi awiri? Che Jawadu anabwerera kumtengo mano ali gwa. Shehe anawerama n'kumunong'oneza Asiyatu kuti alembe chilichonse chimene akufuna, chikakhota dzuwa limubisira.

Ulendo woyamba Che Jawadu anayenda kayendedwe ka munthu wopita kukafunsira mbeta. Anapeza dzuwa ladya, lanyambita ndi mbale yomwe. Ana analira maliro, Shehe anaponya mwala pamulu wa dzuwa. Ulendo wachiwiri anafulumirako, koma mkanjo unawakola m'miyendo, ndipo anangopezako kamchira ka chilembo chomaliza kakuwatsanzika. Mwala wina kwa dzuwa. Kamnyamata kena kopanda mano akutsogolo kanalangiza kuti ababawa awakankhe pa wilibala.

Apa m'pamene mtima wa telala unadzuka, pakuti Che Jawadu sanagonjepo kwa munthu, nanji kwa dzuwa. Anavula nsapato. Anakwinya mkanjo, mawondo amene anthu a pa Ntaja anali asanawaonepo naonekera poyera. Mzuli anauluma ndi mano. Mwanaisha atangoti tiye, dziko linagwedezeka. Mbuzi zinathawira ku Machinga, zitini zinadumpha zokha, amayi ogulitsa tomato kumsika anayamba kuchotsa malonda mumsewu poganiza kuti kukubwera lole yopanda mabuleki. Mimba inafika yoyamba, mwini wake pambuyo. Anaponda simenti yotentha, nadumpha, naweramira pansi, nalavula mzuli, n'kuwerenga mokweza zilembo zonyowa zija, zokhotakhota koma zonse zilipo:

"Ababa thamangani."

Ana anagwa pansi ndi phwete. Shehe anaseka mpaka kutsamira khoma. Ndipo m'mimba mwa Che Jawadu munatuluka chinthu china chadzimbiri, chokhala ngati makina osathiridwa mafuta, chimene anthu atamvetsetsa anazindikira kuti n'kuseka. Asiyatu anasuzumira m'mwamba ndi diso limodzi, kenaka awiri onse. Mwala unapita pamulu wa ana.

Masewera atatha, ana anapita kukatenga mabuku a madrasa, akulu awiri aja nabwerera pabenchi. Che Jawadu anali thukuta kamukamu, mkanjo wamamatira pamsana, koma ulemu anali akuutoleranso pang'onopang'ono. Anaika jumbo ija pamiyendo.

"Shehe, ndaona ndi maso anga, mwana amalemba. Koma mundikhululukire, zolemba zouma n'zolemba? Ine ndidziwa bwanji pamene walakwa? Izi zili m'jumbomu zimakhala. Munthu umatha kubwererapo."

Shehe anawafunsa kuti akafuna kudula nsalu ya kasitomala amayamba alemba mizere ndi chiyani. Anayankha kuti ndi kachidutswa ka sopo. Bwanji osati bolopeni? Anati sopo amafufutika, koma msangamsanga anawonjezera kuti iwo salakwa ayi, sopoyo n'chizolowezi chabe. Shehe anangoyamikira kuti Mashallah, osawatsutsa. Kenaka analoza thanki la udhu n'kufunsa kuti pa tsiku amaima kangati pamenepo. Anati kasanu, monga Msilamu aliyense, ndipo sanadumphepo.

"Tinaphunzitsidwa," anatero Shehe, "kuti munthu akamachita udhu, zolakwa zake zing'onozing'ono zimagwa pamodzi ndi madontho a madzi. Ine ndi inu timalakwa pakati pa Swala ndi Swala inzake. Timabwera apa, timasamba, n'kukaima pamzere ngati sitinalakwepo. Amene amaona zonse amatilola kuyambiranso kasanu pa tsiku. Akanakhala kuti amapinda pakona tsamba lililonse, n'kumatiwerengera tsiku ndi tsiku kuyambira za chaka chatha, ndani mwa ife akanatsegula pakamwa pamaso pake? Tonse tikanangoyang'ana zala za kumapazi."

Mkati mwa mzikiti ana anali atayamba kuwerenga, ndipo mawu a woitanira minibasi aja ankamveka pamwamba pa onse. Che Jawadu atayankhula, anayankhula ndi mawu aang'ono, oti abuluzi a pakhoma sanatembenuke n'komwe.

"Nanga azakhali ake, Shehe? Akubwera mawa ndi kabaza. Ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti khanda alipezere mlezi wina, uyu ali pa sukulu. Ndipo inunso mawa mubwere, Che Jawadu, mutavala zotha kuthamanga nazo. Dzuwa likutitsogolera ndi zigoli ziwiri, ndipo zonse ziwiri mwalipatsa ndinu."