Injini ya Lole mu Pijo ya Malemu

Pagalaja ya a Abbas, kuseri kwa msika wa pa Mwanza Boma, panali Pijo yakale yoyera imene malemu bambo awo anasiya. Thupi lake linali bwinobwino, koma injini inafa kalekale ndipo zipangizo zake zinasowa ngakhale ku Limbe. Ukwati wa mwana wawo Rashidah utayandikira, mtsikanayo anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Ababa, kuphwando kwa Kanduku ndidzapite pa galimoto ya agogo."

A Abbas ndi munthu woti akaluma sataya. Anapita kumalire n'kukagula injini ya dizilo ya lole ina imene inagubuduzika pamtsetse. Akazi awo, a Kulsumu, ataona chimtolocho anagwira pakamwa.

"Bambo a Rashidah, katundu wa ng'ombe mukufuna kusenzetsa mbuzi? Tingobwereka galimoto ina."

"Mwana wapempha ya agogo ake," anayankha a Abbas.

Atangoitsitsira injini ija ndi tcheni, Pijo inagwada mphuno pansi, masipuling'i n'kuthyoka. Anaikamo ena olimba. Pokaiyesa pamtsetse, mabuleki anakana kugwira kulemera konseko, mpaka galimoto inakaima m'munda wa mtedza wa eni ake. Mwina wina akanangokweza manja pomwepo. Iwo anapepesa mwini munda, n'kubwerera kukasintha mabuleki ndi giyabokosi yomwe. Kunena zoona, manja a bambo amenewa ndi odala, chitsulo chimawamvera.

Kunatsala boneti. Injini inali itatumphukira pamwamba, boneti osatseka. Imeneyi ndiyo inawawawa, chifukwa malemu ankaipukuta okha, osalola munthu kuitsamira. A Abbas anaima nthawi yaitali makina odulira ali m'manja. Kenako anaidula, misozi ili m'maso, n'kuwotcherera linunda pamwamba pake.

Tsiku la ukwati Pijo inakwera mapiri a kwa Kanduku ngati ikuyenda pachigwa, ikubangula moti mbuzi zinabalalika m'njira monse. Rashidah anatsika akumwetulira, amayi akululutira, amuna ataunjikana pagalimoto kusirira ntchito ya mmisiri. Pakati pawo panali a Zakeyu, nkhalamba imene inkayenda ndi malemu pa Pijo yomweyo popita ku Zobue. Anaizungulira, n'kugogoda linunda lija ndi ndodo.

"Mwanawe, chigalimoto ichi n'champhamvu ndithu. Koma Pijo ya bambo ako ija unagulitsa kwa yani?"

Mawuwo anawalasa mumtima a Abbas. Anayang'ana mwana wawo ali pakati pa anzake, kenako anayankha.

"Ndi yomweyi, bambo. Mphamvuzo ndinazifuna ndekha."

Sanadandaulenso kwa munthu, pakuti ankadziwa kuti walira mvula walira matope.