Sitima Imene Inadya Mitengo ya pa Chikungu

Ana inu, mchenga umene mumathamangapo pa Chikungu paja sunali mchenga kale. Panali madzi akuya, ndipo m'mphepete mwake munali nkhalango ya mitengo ya tsanya ndi mikuyu yophimba manda a m'mudzimo. Munthu sankathyolamo ngakhale mswachi.

Masiku amenewo mumtsinje munkayenda kasitima ka nthunzi, kokhala ndi gudumu lalikulu kumbuyo lopalasa madzi. Eni ake anali azungu ogula thonje, ndipo dzina limene anakapatsa linkakanika pa lilime. Anthu anangokatcha Kafukautsi. Kanali kakang'ono, koma kadyedwe kake ka nkhuni kanali koopsa.

Wosonkhezera moto m'kasitimamo anali Zuze, mwana wa pa Chikungu pomwepo. Ankagwira ntchito pansi, m'chipinda chotentha ngati ng'anjo, manja ali zipsera zokhazokha. Koma mtima wake unali pamwamba, pa chiwongolero, pamene pankawomba kamphepo kayaziyazi.

Ulendo wina nkhuni zinawathera ali pafupi ndi Chikungu, thonje lili tho. Kaputeni anaitana Zuze.

"Kwanu ndi kuno, iwe. Tipezere nkhuni zolimba, ndipo tikafika kumunsi chiwongolero ndi chako."

Zuze ankadziwa kuti tsanya amayaka ngakhale ali wamuwisi. Ankadziwanso kumene ali. Anatenga anzake ndi nkhwangwa, natsika.

Panjira ya kumanda anakumana ndi mlongo wake Chanaze, akuchokera kotunga madzi. Chanaze anatula mtsuko pakati pa njira.

"Achimwene, nkhwangwazi zikupita kuti?"

"Tingodulako pang'ono chabe."

"Amayi agona mmenemo. Mwaiwala?"

"Akufa samva dzuwa, mlongo wanga. Ine ndatopa kupsa pansi paja."

"Ndiye muwotche mthunzi wa amayi kuti inu mukapitidwe mphepo?"

Zuze analambalala mtsuko uja, ndipo posakhalitsa nkhwangwa zinayamba kulira. Akuluakulu a m'mudzi anathamangirako, koma ataona mfuti paphewa pa kaputeni anangoima chapatali, manja kunkhongo.

Nkhunizo zinayaka bwino kwambiri, moti kaputeni analamula kuti sitima iziima pa Chikungu ulendo uliwonse. Tsanya atatha anayamba mikuyu. Mikuyu itatha anakumba ndi zitsa zomwe. Nanga chiwongolero? Chinapatsidwa kwa mphwake wa kaputeni, mnyamata wosadziwa ngakhale pamene pamagona mvuu. Zuze akafunsa ankangomuuza kuti, "Dikira kaye, moto ukufuna iwe."

Kenaka kunabwera chaka cha mvula yosalekeza. Gombe linalibenso mizu yoligwira, ndipo linayamba kugumuka ngati chigumu chonyowa. Minda inapita. Manda anatsatira. Tsiku limenelo Kafukautsi anali kukwera mtsinje, ndipo Zuze atasuzumira pakhomo la chipinda chake anaona mphasa zokulungira maliro zikuyandama, zikudutsa pambali pa gudumu. Sanathe kudziwa kuti ya amayi ake ndi iti.

Madzi ataphwa, dothi lonse lija linali litadzaza mtsinje. Kafukautsi anatitimira mumchenga pa Chikungu pomwepo. Anamukoka ndi zingwe, anamukumba, koma ayi ndithu. Eni ake anangomasula belu ndi zitsulo zamkuwa n'kunena kuti thonje liziyenda pa njanji tsopano. Kwa Zuze sanatsanzike n'komwe.

Iye anakwera kumtunda kumene anthu anasamukira, napeza Chanaze akupeta mapira.

"Mlongo wanga, ndabwera."

"Ndakuonani. Koma mlendo wochokera kutali amayamba wakaona kumanda."

"Ndikawapeza kuti amayi?"

"Kafunseni mtsinje. Si inu munawapereka kumadzi?"

Chanaze anapitiriza kupeta. Zuze anabwerera kumchenga, nakakhala m'chigoba cha sitima muja mpaka imvi. Atamwalira, anthu anasowa pomuika, chifukwa pansi ponsepo ukakumba pankatuluka madzi.

Ndi chifukwa chake lero mtsinje pa Chikungu ulibe njira imodzi, chaka chino udya munda wa uyu, chaka chamawa wa uyo. Ndi chifukwa chakenso ife maliro athu timawasenza kukwera nawo phiri, mapewa kuchita kusupuka, kukawaika pamiyala pamene madzi safika.