Malemu Eliya pa Nsalu ya Cosmas

Kuseri kwa sitolo ya Sidiki pa Manjawira kudali kachipinda kamene Cosmas ankajambuliramo anthu zithunzi za ukwati ndi za pachiphaso. Ntchito imeneyi ndiyo inkamudyetsa, koma mtima wake udali m'bokosi lachitsulo limene adabwera nalo kuchokera ku Joni atamaliza ntchito ya kumigodi. Anzake adabwerako ndi njinga, mawailesi ndi majekete. Iye adabwerako ndi makina ojambulira kanema ndi ena oonetsera. Anthu ankamuseka kuti adagula njala, koma Cosmas adali wa mutu wouma, mmodzi mwa anthu aja amene ukawauza kuti mtsinje wadzaza amayamba kupinda buluku.

Chaka china kudamveka kuti ku Bulantaya kudzakhala chikondwerero cha makanema aafupi opangidwa ndi anthu wamba, ndipo kanema wopambana adzapita naye kunja. Cosmas adamanga makina ake panjinga n'kutsikira ku chigwa cha ku Kasinje, kumene anthu amalima mpunga wothirira. Kumeneko adajambula bambo Eliya, mlimi wamtali wa imvi, akutsegula ngalande ndi khasu, akuwoka mbande, akuingitsa mbalame m'munda. Filimu yamtundu umenewo sankatsuka kuno, choncho adaitumiza ku Joni, ndipo idakhalitsa kumeneko. Mmene inkabwera n'kuti bambo Eliya ali m'manda. Chibayo chidawatenga mpunga wawo usadache.

Cosmas adadula filimuyo ndi lumo, n'kulumikiza zidutswa zabwino zokhazokha. Ataitsiriza adatseka chitseko, nayatsa makina, n'kuyang'ana pakhoma. Madzi ankayenda. Mpunga unkagwedezeka ndi mphepo. Munthu amene iye mwini adaponya nawo dothi pamanda ake adali apo, akupukuta thukuta pamphumi. Cosmas adazizwa ndi ntchito ya manja ake, ndipo pamodzi ndi kuzizwako mudalowa kunyada. Adatsimikiza kuti asadapite ku Bulantaya, kanemayu ayambe waonedwa ndi anthu a ku Kasinje komweko, kuti mbiri ikafike kutauni iye asadafike.

Masiku amenewo munthu sankangosonkhanitsa anthu ngati akuitana nkhuku. Cosmas adakwera basi kukaonetsa kanema wake kwa akuluakulu ounika makanema, iwo adavomera. Adagwada kwa tcheyamani wa chipani, adapita kupolisi, adakapempha nyumba yosungiramo mpunga imene idali yopanda kanthu nyengo imeneyo. Kenaka adamata zikwangwani pamitengo ndi pamasitolo, nazungulira ndi njinga m'misika, mpaka ku Lizulu pakati pa ogulitsa mbatata ndi kabichi, akukuwa m'chitini chobooka: "Bwerani mudzaone anthu akwanu akuyenda pansalu!" Dzina la munthu amene adali m'kanemayo sankalitchula. Ankafuna kuti anthu akadzidzimuke.

Sidiki, amene adamubwereka jenereta, adamuitanira m'sitolo tsiku lina makasitomala atachepa.

"Achimwene, zitseko zonse mwagogoda, ndakuonani. Nanga kwa mayi Enelesi, akazi a malemu, mwafikako?"

"Kukatani, Che Sidiki? Bambo Eliya adandilola okha ali moyo."

"Adakulolani ali moyo, inde. Lero ali ndi eni ake. Ine ndine Msilamu, maliro athu timayendetsa mwina, koma ndakulira pakati pa anthu amenewa. M'meto wotsiriza sudachitike. Mayi aja akadali m'zakuda, ndipo katundu wa malemu ngwotsekera. Pitani mukafunse."

Cosmas adaseka. "Chithunzi si munthu. Ndikapita kukafunsa, achibale akayamba misonkhano yosatha, chikondwerero n'kundipita. Akadzawaona adzandithokoza okha."

Sidiki adangopukusa mutu n'kupitiriza kuyeza mchere.

Tsikulo lidafika, Lachitatu masana, chikondwerero chili Loweruka lake. Mazenera a nyumba ija adawatseka ndi masaka kuti mukhale mdima, ndipo kutsogolo adapachika nsalu yoyera ya pabedi. Anthu adadzaza mpaka ena kukhala pamiyendo ya anzawo. Ambiri adali asadaonepo kanema wina kupatula uja wa galimoto ya boma wophunzitsa za feteleza. Mayi Enelesi nawo adabwera, atakokedwa ndi amayi anzawo kuti akapepukidwe mtima, ndipo adakhala pamphasa chapakati, duku lakuda lili kumutu.

Jenereta idalira panja, kuwala kudagwa pansalu. Poyamba padaoneka phiri, kenaka ngalande, ndipo anthu adayamba kuseka ndi kulozerana: uwo ndi munda wa uje, uwo ndi mtengo wa mango wa pa mlatho. Kanemayo adalibe mawu, choncho Cosmas adaima pambali pa makina n'kumafotokoza mokweza ngati mlaliki. Kenaka kuchokera kumbali ya nsalu kudatulukira munthu wamtali, khasu lili paphewa.

Kuseka kudatha ngati wazimitsa nyali. Cosmas yemwe adasiya kulankhula. M'nyumba monse munkangomveka kulira kwa makina.

Bambo Eliya adawerama, natema chibuma chotseka ngalande, ndipo madzi adalowa m'munda akunyezimira. Adaweramuka atagwira m'chiuno monga ankachitira nthawi zonse. Adaponda matope kawiri mwamphamvu, kaponde ka ngoma kamene ankadziwika nako pa magule, n'kuseka, mpata wa mano awo uli poyera. Anthu amene adasenza bokosi lawo adali momwemo. Amene adakumba manda adali momwemo. Palibe adathawa, palibe adakuwa. Nkhalamba ina idavula chipewa pang'onopang'ono, amuna ena onse n'kuvulanso zawo. Kunena zoona, sikudali kuopa kokha. Chidali chinthu chachikulu chimene anthu aja adalibe nacho dzina, kuona imfa itabweza kamphindi zimene idatenga.

Ndiye bambo Eliya adatembenuka, nayang'ana molunjika kwa anthu, n'kukweza dzanja kukodola. Tsiku lojambula ankaitana akazi awo, amene adaima kumbuyo kwa Cosmas ndi mphika wa thobwa. Cosmas ankadziwa zimenezo. Mayi Enelesi nawonso ankadziwa kuti dzanja limenelo linkaitana yani.

Adadzuka pamphasa paja. Anthu adawapatukira, ndipo adayenda mpaka kutsogolo, mthunzi wawo n'kugwera pamunda wa mpunga. Adagwada, naomba m'manja mwaulemu monga mkazi woitanidwa ndi mwamuna wake, nati ndi mawu otsika amene aliyense adawamva: "Wawa, ndabwera." Nthawi yomweyo filimu idatha, pansalu padangotsala kuwala koyera, ndi mayi wovala zakuda atagwada pamaso pake.

Apo m'pamene maliro adabuka. Amayi adalira ngati uthenga wangofika kumene. Bambo Jasper, mng'ono wa malemu, sadakalipe ndipo sadakweze dzanja. Adapita pamakina, nadikira kuti Cosmas achotse filimu, n'kutambasula manja onse awiri. Cosmas adayang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza, koma ngakhale tcheyamani amene adamupatsa chilolezo adali atazolika, chipewa chili m'manja. Adaipereka filimuyo.

M'mawa mwake adapita kumudzi kwa malemu pamodzi ndi Sidiki, kuti amuthandize kupepesa. Adawayalira mphasa pakhonde. Cosmas adafotokoza kuti filimu yotere ilibe inzake, imene wajambulayo ndi yomweyo, ndipo akapanda kufika nayo ku Bulantaya Loweruka ndiye kuti ntchito yonse yagwera m'madzi.

Bambo Jasper adamumvetsera mpaka kumaliza. "Tamva, bambo. Koma jekete la akulu anga lili m'nyumba umo, khasu lawo lili momwemo, ndodo yawo ili momwemo. Palibe chotuluka kufikira tidzamete tikakolola. Ndiye nkhope yawo ndi imene ikwere basi? Sitikuwonongerani. Taikulunga bwinobwino, ili pamodzi ndi zinzake."

Cosmas adatembenukira kwa mayi Enelesi, amene adakhala chapatali atatambasula miyendo. "Mayi, ndichitireni chifundo. Ndimafuna dziko lonse liwaone bambo."

Mayiwo adayankha akuyang'ana m'manja mwawo.

"Mwana wanga, chimene mudapangacho n'chodabwitsa. Sindinkadziwa kuti maso angawa adzawaonanso akuseka. Mukadabwera kuno poyamba, n'kundionetsa m'nyumba muno ndili ndi alamu angawa, ndikadalira zanga n'kumaliza. Tikadauza akuluakulu, n'kuchotsa pokodola paja, ndipo ndikadawaperekeza ndekha kokwerera basi. Bambo anu aja adamwalira osaionako Bulantaya." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma mwawaimika pagulu ine ndikadali m'zakuda, ndipo andiitana mudzi wonse ukuona, ine n'kuvomera. Kuyambira dzulo adzukulu anga sakundichoka, akuti agogo atengedwa. Amayi anzanga akumandiyang'ana ngati wodwala. Inu mwataya ulendo. Ine ndiyenda bwanji pakati pa anthu amene akudikira maliro anga?"

Cosmas adachita manyazi amene adali asadawamvepo chibadwire. Adaganiza za zitseko zonse zimene adagogoda, za maofesi, za mabenchi amene adakhalapo kudikira mabwana. Khomo limene lidali ndi yankho lenileni lidali ili, la udzu, ndipo adalidutsa ndi njinga kangapo konse akulengeza kanema wake.

Loweruka basi ya ku Bulantaya idaima pa Manjawira monga mwa masiku onse, idatsitsa anthu, idakweza ena, n'kunyamuka. Cosmas adaiyang'ana ali pakhonde la sitolo mpaka fumbi lidatha. Kanema wokongola kuposa onse amene akadapanga adali m'nyumba yotseka ku Kasinje, ataonedwa pagulu kamodzi kokha, ndipo amene adamuona ankamukamba monong'ona ngati za kumanda. Chimene chikadamutsegulira njira chidali chaching'ono: kutsika panjinga, kuvula chipewa, n'kunena kuti odi. Uchi adaupeza ndithu, koma chimene chidatsala m'kamwa mwake n'china, pakuti akulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.